Sultani, Uwauze Asakwere Ndege

Lolemba, 16 Juni

Apongozi afika. Ghali wakawatenga ku Djanet m'mawa, masana ali kale pampando wanga, nduwira yabuluu mpaka pamphuno. Zaka zonsezi ndili pabanja ndi mwana wawo, pakamwa pa a Bekkaye sindinapaonepo. Maso okha. Lakumanzere linafa kalekale, munga wa mthethe. Lakumanja ndi limene ladwala, akuti chinsalu chakuda chikutseka pang'onopang'ono. Diso limodzi lokhalo, kwa munthu amene moyo wake wonse wadyera kuona: mapazi a nyama pamchenga, njira za m'miyala ya paki ya Tassili, alendo ali pambuyo pake ngati anapiye.

Ndine ndinakakamiza kuti abwere kuno ku Algiers. Amayi a Ghali, a Tekna, ankakana pafoni. Ati gule wa kwawo wa Sebeiba wayandikira. Ndinawauza kuti, "Amayi, pandege ndi maola awiri ndi mphindi khumi ndi zisanu basi. Ine popita kwa mng'ono wanga ku Rouiba, magalimoto akathithikana, ndimachedwa kuposa pamenepo. Ndikubwezerani amuna anu ng'oma isanalire." Ndinalonjeza ndi pakamwa pangapa.

A Bekkaye ndegeyo sanakondwe nayo. Auza Ghali kuti tiyi asanazizire m'kapu anangoona nyanja pansi. Ati umenewo si ulendo, n'kubedwa.

Makeke a maukwati awiri sabata ino. Mtedza wa amondi wakweranso mtengo. Ndatopa, koma nyumba yanunkhira tiyi wa kwawo ndipo ndasangalala.

Lachitatu, 18 Juni

Opaleshoni yatheka, Mulungu atamandike.

Dokotala, mayi wochepa thupi wolankhula mothamanga, watiitanira pakhonde. Ati kansalu ka m'kati mwa diso kanamatuka. Akamatanso, ndipo apoperamo mpweya woti ukakanikize mpaka kagwire. Masiku khumi ndi awiri nkhope pansi, pogona, pokhala, pakudya pomwe. Kenako lamulo lalikulu: ndege ayi. Mwezi ndi theka, mwina kuposa, mpaka mpweyawo uthe wokha. Ati kumwamba umafufuma, diso limafa ndege isanatere. Wawamanga chibangili chobiriwira pamkono cholembedwa zomwezo.

Sebeiba ndi pa 6 Julayi. Ine ndi Ghali tangoyang'anana.

Ghali akuti, "Tiwauza akapezako bwino." Mawa akubwerera kuntchito ku zitsime za mafuta, mwezi wathunthu. "Tiwauza" ameneyo ndine. Ndimamudziwa mwamuna wanga.

Loweruka, 21 Juni

Tatsala awiri. Atatu ndi Sultani, kambalame ka Ghali ka m'khola pazenera, kofiira kumaso, kaphokoso.

Vuto ndi ili. Kwawo bambo salankhula ndi mkazi wa mwana wake maso ndi maso. Satchula dzina lake, sadya iye akuona. Masiku onse Ghali ndi amene ankatinyamulira mawu. Tsiku loyamba tinangokhala duu, ine kukhitchini, iwo chafufumimba pamatiresi, mphumi papilo. Dzulo ndikungomva: "Mbalame iwe, uwauze eni nyumba kuti tiyi wawoyu ndi madzi otsukira makapu."

Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Ndinayankha ndili komweko: "Sultani, uwauze alendo kuti kuno wodwala amamwa chimene wapatsidwa."

Basi, njira yapezeka. Sultani wakwezedwa pantchito osadziwa.

Mankhwala odontheza m'diso kanayi patsiku. Amatembenuza mutu pang'ono, dzanja lili pansalu ya pakamwa kuti isagwe. Diso lofiira ngati phwetekere. Dontho lina limagwera patsaya. Ati, "Uwauze asaope. Ngamila zandilavuliramo m'maso momwemu, sindinafe."

Kugona chafufumimba kukuwapweteka msana, koma sadandaula. Angouza Sultani kuti masiku onsewa mphumi pansi, Mulungu adabwa kuti Bekkaye wayamba liti kupemphera chonchi.

Chakudya ndimasiya pakhomo n'kutseka chitseko. Mbale imabwera yoyera. Ndimawakonda bambo amenewa. Za ndege sindinawauzebe.

Lachiwiri, 24 Juni

Ndawauza. Kunena zoona ndauza Sultani, ndikumusinthira madzi, iwo nditawafulatira.

Iwo: "Uwafunse, nawo msewu watsekedwa?"

Njira akuidziwa pamtima. Basi mpaka Ouargla, ina mpaka Illizi, kenako phiri la Fadnoun lokhotakhota lija. Makilomita opitirira zikwi ziwiri, masiku awiri kapena atatu, zimatengera matayala. Ati ali mnyamata mbali ina ya njira imeneyo ankaiyenda pangamila, ndiye basi ingawaopse chiyani? Ndaimbira dokotala pomwepo. Ati msewu nawo umakwera mapiri, mpweya wa m'diso susiyanitsa ndege ndi basi. Akhale kuno kufupi ndi nyanja, pansi penipeni.

Mlengalenga ndi makilomita chikwi ndi mazana asanu okha. Ndinkati ndi pakhomo pomwepa. Lero ndaona kutalika kwake.

Madzulo sanadye. M'malo mwake afotokozera Sultani za Sebeiba ngati mbalameyo ndi mlendo wolipira. Midzi iwiri, El Mihan ndi Azelouaz, kukumana m'chigwa cha mchenga tsiku lopatulika la Ashura. Amuna malupanga m'manja, akazi ng'oma ndi nyimbo. Nkhondo yakale imene inasanduka gule, akuluakulu n'kuweruza mudzi wopambana. Iwo ndi a ku El Mihan. A Tekna ndi a ku Azelouaz, ndipo ukwati sunawasinthe. Chaka chilichonse amawolokera kwawo kukaimbira ng'oma adani a amuna awo. Chaka chatha Azelouaz inapambana.

"Chaka chathunthu, mbalame iwe. Ndikapempha mchere amandifunsa ngati ogonja nawo amadya mchere."

Ndinaseka chamumtima. Kenako chisoni.

Lachisanu, 27 Juni

Chaka chatsopano cha Chisilamu. Ndaphika rechta, timizere ta ufa mu msuzi wa nkhuku, adya theka.

A Tekna pafoni. Amakuwa ngati akuitana munthu kutsidya kwa chigwa. Ndawauza ndekha kuti lonjezo langa lija lagwa, ndikudikira kukalipiridwa. Angoti, "Disolo ndi limodzi, mwana wanga. Ummange mwendo ngati ngamila."

Nditaika foni pakhutu pa amuna awo, mawu anasinthiratu. Ndimamva ndili chapatali: "Wathawa eti? Wamva kuti tasoka zovala zatsopano ndiye wakabisala kwa dokotala?" Iwo nkhope ili papilo: "Mkazi iwe, ine ndi diso limodzi lodwala ndimavina kuposa alongo ako onse pamodzi." Mapewa akugwedezeka ndi phwete. Foni itaduka phwetelo linathera pomwepo.

Ndinayesa kuuza Sultani kuti bwanji amayi abwere kuno. Anaseka. A Tekna ndege? Pa ukwati wathu anabwera pabasi, masiku atatu, mapazi otupa ngati mikate, chifukwa analumbira kuti sadzalowa m'chinthu chosaponda pansi. Ndipo Sebeiba sanaiphonyepo, ngakhale chaka chimene anali ndi pakati pa Ghali.

Ndatseka pakamwa. Malangizo anga atikwana.

Lolemba, 30 Juni

Dokotala walola kuti adzutse mutu. Wakhutira, kansalu kagwira. Mpweya ukadalimo wambiri. Eni ake akuti akuona mzere wopingasa m'diso, pamwamba pake kuwala, pansi pake thovu lakuda logwedezeka. Akafuna kuona chinthu amapendeketsa mutu ngati nkhuku.

Ntchito yoyamba atadzuka: kulanda tiyi m'manja mwanga. Amaphika okha pakhonde, kumuthira kuchokera m'mwamba mpaka thovu litakwera. Kapu imodzi ndaipeza pakhomo la khitchini. Wokoma, ndavomera, koma Sultani sindimuuza.

Tsiku lonse pazenera, pafupi ndi khola, nkhope kudoko. "Madzi onsewa, mbuzi osamwako ngakhale dontho. Anthu a kuno ndi osauka."

Ine ndikukanda ufa, makutu ali komweko. Za abulu okwera nawo phiri atasenza madzi a alendo. Za ng'ombe yosemedwa pathanthwe imene ikugwetsa misozi, ati anthu amachokera kutali kudzaijambula, ena n'kuliranso nayo. Kenako mawu anatsika. Ati dzanja la a Tekna layamba kufooka, kandodo koimbira ng'oma kakumawapulumuka. Asananyamuke anawauza kuti chaka chino n'chomaliza, akatha apereka ng'omayo kwa mwana wa mng'ono wawo.

"Ndinamuona koyamba ali ndi ng'oma imeneyo, kutsidya, kwa adani. Ndinasokoneza mapazi, lupanga linagwa, mudzi wathu unagonja chifukwa cha ine. Ndiye tsiku lomaliza ndisakhalepo?"

Apa sananene kuti "uwauze". Ndinapukuta maso ndi chigongono, manja ali ufa wokhawokha.

Lachitatu, 2 Julayi

Ndakhala pansi tsopano, ndilembe.

M'mawa ndinali kukhitchini, chitseko chotseka, wailesi ikulira, makeke a makrout a ukwati wa Loweruka ali mu uvuni. Nthawi ya mankhwala ndikupita kuchipinda, mulibe munthu. Bulangeti lopindidwa bwinobwino. Chibangili chobiriwira chodulidwa, chokolekedwa pakhola la Sultani. Kambale ka mbalame kodzaza, madzi atsopano. Pomwepo ndinakumbukira tikiti yobwerera. Ghali anagula yopita ndi kubwera, tsiku lake lero, ndipo nthawi yonseyi inali m'kathumba kawo kachikopa ka pakhosi. Mitu iwiri, ine ndi Ghali, palibe anaiganizirako.

Ndinatsika masitepe chothamanga. Ndili m'takisi m'pamene ndinaona kuti pamiyendo panga pali khola. Sindikukumbuka n'komwe ndikulinyamula. Koma ndikanalankhula nawo bwanji popanda Sultani? Woyendetsa ankandiyang'ana mwakuba pagalasi. "Mayi, mbalameyo ili ndi mapiko akeake. Mukuiperekezeranji ku bwalo la ndege?" Ndinamuuza ayendetse, asandiyambe.

Wapolisi wa pakhomo anafuna kutikaniza. Ataona nkhope yanga anatipatsa njira.

Ndinawapeza pampando, msana chilili, tikiti m'manja, akudikira kuti aitane a ku Djanet. Ndinaika khola pampando wapakati. Ndinakalipira mbalame anthu onse akumva.

"Sultani, uwauze kuti akakwera akatsika ali akhungu. Ng'oma akaimva, koma dzanja la amayi sakaliona, lero ngakhale mpaka kale. Uwauzenso kuti akakakamira ndikwera nawo, ndikauze Azelouaz yonse kuti mwamuna wa ku El Mihan anathawa m'nyumba ya mpongozi wake osatsanzika, ngati wakuba nkhuku."

Pamenepo ndinangolira. Anthu anatizungulira. Mayi wina anandipatsa madzi, akundisisita kumsana, ankayesa ndazungulira mutu. Sultani osatekeseka, kuimba basi.

Anayang'ana tikiti ija nthawi yaitali, chonsecho sangathe kuiwerenga. Anaipinda pang'onopang'ono. "Uwauze kuti avala masilipasi osiyana."

Ndinayang'ana pansi. Zoona, wina wanga, wina wa Ghali. Anaimirira, ananyamula khola okha, tinabwerera.

Makrout anasanduka makala. Mwayi a Zoubida a nyumba ya pansi pathu anamva utsi n'kutseka gasi panja. Andinena mokwanira pamasitepe, ndawathokoza kawiri.

Lachisanu, 4 Julayi

Diso lapulumuka, munthu ndiye wazima. Sadya. Salankhula ndi Sultani. Pakhomo la khitchini palibe kapu. Tiyi ndikuphikanso ndine ndipo sakumunyoza, chimenechi ndiye chikundiwawa koposa. Amangokhala atayang'ana khoma la kummwera.

Ghali pafoni: "Wachita bwino." Kunena n'kosavuta uli kutali.

Kodi ndachitadi bwino? Inde. Ndikanachitanso. Koma ndikamawadonthezera mankhwala amangotsegula diso ngati mwana womvera, ndipo ndimalakalaka atandinyozako pang'ono.

Ndaimbira a Tekna ndili kubafa, mpopi wotsegula kuti iwo asamve. Ndawauza zonse, za khola, za masilipasi. Ndimayesa aseka. Kumbuyo kwawo ndimamva ng'oma, akazi akukonzekera za Lamlungu. Anafunsa, "Wati sadya?" Ndinati inde. "Wanyozako chilichonse lero?" Ndinati ayi. Anadula foni osatsanzika.

Ndakandanso ufa wina. Amondi wachiwiri watuluka m'thumba langa. Zilibe kanthu.

Loweruka, 5 Julayi

Ku bwalo la ndege kachiwiri sabata imodzi. Ulendo uno nsapato zofanana. Wapolisi uja wandifunsa kuti mbalame ili bwanji.

Ndilemba mawa. Mtima wadzaza.

Lamlungu, 6 Julayi, Ashura

Dzulo m'mawa uthenga wochokera kwa mlongo wake wa Ghali: "Amayi akwera ndege. Kawachingamire." Sindinakhulupirire mpaka nditawaona akutuluka. Mayi wamfupi m'nsalu yakuda yonyezimira, ng'oma pachifuwa ngati khanda. Anakana kuipereka kumalo a katundu. Pambuyo pawo msilikali wina akudzisisita mkono, ati anamugwira kuyambira ponyamuka mpaka potera. Ndinawafunsa kuti ayenda bwanji.

"Maola awiri ako aja ndi bodza. Ndakalambiramo."

Masitepe tinakwera mopumira, ng'oma osandipatsa. Pakhomo sanapereke moni. "Ndamva kuti El Mihan yasiya kudya ndi mantha."

A Bekkaye anatembenuka pang'onopang'ono. Anapendeketsa mutu kufunafuna pamene diso likuona, pamwamba pa mzere uja. Anayang'ana akazi awo, anayang'ana ng'oma.

"Mkazi iwe, mawa ndi Sebeiba. Ukutani kuno?"

"Ndabwera kudzakugonjetsa. Umayesa ndingamalizire pa ana?"

Ndinathawira kukhitchini. Mbale inabwera yoyera, yachiwirinso yoyera. Kenako mawu pazenera: "Mbalame iwe, uwauze kuti mchere wachepa." Sindinasangalalepo chonchi ndi kunyozedwa.

Lero masana tasuntha tebulo, tapinda kapeti. Nthawi imeneyo ku Djanet chigwa chadzaza, mlamu wanga akutumiza zithunzi, palibe wazitsegula. A Tekna pampando, ng'oma pabondo, kandodo kokhota m'manja. Dzanja lafookadi. Kawiri kandodo kanagwa, kawiri ndinatola, palibe anachita ngati waona. Mawu okha ndi a mtsikana. A Bekkaye nduwira yatsopano imene amayi abwera nayo, lupanga ndi ambulera ya Ghali. Dokotala analetsa kudumpha, ndiye mapazi pang'ono, mapewa, mkono. Diso lili padzanja la akazi awo, osachoka.

A Zoubida anagogoda denga lawo ndi tsache. Kenako anakwera kudzakalipa, anaima pakhomo pakamwa yasa, mapeto ake ndi amene anaimba nthungululu kuposa tonse. Sultani kukuwa ngati walipidwa.

Ng'oma italeka, onse awiri wefuwefu. Amayi ati, "Tsopano aweruze ndani? Akuluakulu kulibe kuno." A Zoubida anakaniratu, ati sakufuna adani pamwamba pa mutu wawo. Ine ndinayang'ana kukhola, kudikira "uwauze" uja.

Sanayang'ane mbalame. Anatembenukira kwa ine, anapendeketsa mutu mpaka atandipeza.

"Wahiba, mwana wanga. Weruza ndiwe."

Sindinkadziwa n'komwe kuti amatha kulitchula. Ndinati ndikaone madzi pamoto. Pamoto palibe madzi. Ndili kukhitchini kuno, kope pathumba la ufa, maso sakuona bwino. Ndikati El Mihan, amayi awoloka thambo lonselo ndi ng'oma yawo yomaliza. Ndikati Azelouaz, bambo apirira chaka china cha mchere. Ndipo onse awiri ndi anga.

Akuitananso. Mokweza, ngati dzinalo akhala akuliitana moyo wawo wonse. Ndikubwera, bambo, ndingopukuta